Injini Yodzuka Yokha pa Mabalani a Chikoti

Januario anabwerera pa pulazi lomwe anabadwira, kupitirira tawuni ya Centenary, atakwera pikapu ya kampani yake ya ku Harare. Kumbuyo kunali bokosi lachitsulo lotuwa, lofika m'chiuno mwa munthu, lokulungidwa m'mabulangete ngati wodwala. Munali mu Januwale wa 1996, fodya ali pachimake chothyola, mabalani onse akufuka utsi. Anthu a mu komboni anaima chapatali manja ali kumbuyo, osamupatsa moni. Mbiri ya bokosilo inali itafika kale, pakuti nkhani yoipa sidikira basi.

Ntchito ya Januario inali yophunzitsa makina kudziyendetsa okha. Ankakhala pa kompyuta n'kulemba malamulo mzere ndi mzere: kutentha kukatsika, onjezera malasha, chinyezi chikachuluka, tsegula mazenera apamwamba, tsamba likayamba chikasu, kweza moto pang'onopang'ono. Malamulowo ankawatsitsa pa waya kulowa m'bokosi, bokosilo n'kumalamula mainjini. Anali atachitapo zimenezi m'mafakitale a ku Harare, komwe panalibe womudziwa kwawo. Koma kuno kunali kwina. Mkulu wa mafayamani, anthu osonkha moto wowotchera fodya pa pulazili, anali bambo ake omubereka, a Simao.

A Simao anachoka ku Tete ndevu zisanamere bwino, ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo wonse unathera pakamwa pa ng'anjo. Tsopano chifuwa chinali chitawagwira. Akatsokomola ankalavula zakuda, nthawi zina zofiira, n'kufotsera ndi phazi kuti mkazi wawo a Luiza asaone. Januario anaona. Ndipo ankadziwa zimene aliyense wobadwira pa pulazi amadziwa: nyumba ya mu komboni ndi ya ntchito, si ya munthu. Tsiku limene a Simao adzalephere kunyamula fosholo ndi tsiku limene katundu wawo adzapezeke pamsewu. Apite kuti? Mudzi wawo wa ku Tete unapsa pa nkhondo, kunalibenso ndi chitsa chomwe choti n'kuloza.

N'chifukwa chake Januario anapita kukaima pakhonde la mwini pulazi, mzungu amene anthu ankamutcha Chikoti, ndipo dzinalo sanalipeze pa ubatizo.

"Bokosi lako likagwira ntchito, mafayamani ambiri sindiwafunanso," anatero Chikoti, osamupatsa ndi mpando womwe.

"Nanga bambo anga, bwana?"

"Mdala wako ndimuika pa geti, azikhala pamthunzi. Nyumba akhala nayo. Koma bokosi likandiwonongera fodya, mutuluka nonse, iwe ndi iye."

Januario anavomera. Anavomera akudziwa bwino kuti ena agona ndi njala. Musamuyese woyera mtima, ayi. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: kuwachotsa bambo ake pa ng'anjo akadapuma, denga lili pamutu.

Tsono mumve mmene moto wa pamenepo unkayendera. Malasha ankawathira m'chibeseni chachitsulo pambali pa ng'anjo. Pansi pa chibesenicho panali sikuluwu yaitali, yonenepa ngati ntchafu ya munthu, imene inkazungulira n'kumakankhira malashawo kumoto. Malasha a chaka chimenecho anali ndi miyala yambiri, ndipo mwala ukalowa sikuluwu inkakakamira. Zikatero fayamani ankapita pakhoma, n'kutsitsa chogwirira cha swichi yaikulu, n'kukolekapo chipewa chake. Chipewa pa swichi chinali lamulo loposa la mzungu. Chinkatanthauza kuti dzanja la munthu lili mkati, ndipo ngakhale Chikoti weniweniyo sanayerekezepo kuchikhudza. Mwambo umenewu anauyambitsa ndi a Simao, ndipo chiyambire panalibe anatayapo chala.

Koma Januario atalumikiza mawaya ake, swichi ija inasanduka chidole. Magetsi a injini ankadzera m'bokosi tsopano. Choimitsa zonse chinali batani lofiira pachitseko cha bokosilo, mu shedi, kuseri kwa mulu wa malasha. Januario anafuna kuizula swichi yakaleyo pakhoma, koma zimenezo zikanafuna kuzimitsa magetsi a mabalani onse, fodya ali mkati.

"Udzaizule nyengo ikatha," anatero Chikoti. "Ingowauza anthu ako."

Kuwauza! Pakamwa pa mzungu zinali zophweka.

Januario anaitana mafayamani onse mu shedi. Anabwera monyinyirika, akuda bii ndi malasha, a Simao ali patsogolo. Pambuyo pawo panali Damião, mnzake wa Januario wa kuubwana, amene ankakumba naye mbewa m'mizere ya fodya. Damião tsopano anali chimunthu cha mapewa otambalala, ndi mkazi wodwala pakati, ndipo dzina lake linali pakati pa oyembekezera kuchotsedwa.

"Akuluakulu," anayamba Januario, "kuyambira lero pali zina zimene simuyeneranso kuchita. Swichi ija..."

"Iwe," anatero a Simao mosakweza mawu. "Ukulankhula ndi yani?"

"Ndi nonse, baba."

"Nonse? Ine ndili m'gulu la nonse? Ndinakunyamula pamapewa awa ukundikodzera m'khosi, lero undiimike pamzere undiuze zoyenera ndi zosayenera pa moto wanga?"

A Simao anatsokomola, anatembenuka, n'kutuluka. Mafayamani onse anawatsatira, pakuti ndani akanatsala kumvetsera mwana amene bambo ake amufulatira? Damião anatsalira pang'ono pakhomo, nalavula pansi pafupi ndi nsapato za Januario.

"Mutengesi," anatero m'Chishona. "Wagulitsa abale ako kuti mdala wako akawothe dzuwa pa geti."

Kwathu kuno mwana salangiza bambo ake pagulu, ngakhale ataphunzira mpaka mutu kutupa. Nkhani yolemera imadzera kwa malume, malume n'kukaifewetsa, n'kuipereka kwa mwini wake ngati kuti yachokera kwa iwo. Koma malume ake a Januario anasowa pa nkhondo ku Tete komweko. Ndiye madzulo ake anayesa yekha. Anawapeza a Simao pakhomo akumata chubu cha njinga, nakhala pansi chapatali monga mwana waulemu.

"Baba, pali mawu ochepa chabe, za swichi."

"Pano ndi pakhomo panga. Za bokosi lako uzikazisiya ku mabalani."

"Ku mabalani simundilola kulankhula."

"Ndiye wamva."

Januario anapita kuseri kwa nyumba, kwa amayi ake. A Luiza anamvetsera akupeta nyemba, napukusa mutu.

"Mwanawe, bambo ako uwadziwa. Panopa mtima uli m'mwamba. Ukawakakamiza akutemberera, ndipo temberero la bambo silichapika. Dikira aphwe kaye, ndidzawauza ine."

Januario analemba chenjezo ndi penti pa lata, nalikhomera pambali pa swichi. Koma mwa mafayamani onse wodziwa kuwerenga bwino anali Damião yekha, ndipo Damião analipaka malasha onyowa mpaka zilembo zonse kuzimirira.

Masiku oyamba palibe chinaoneka cholakwika, ndipo apa m'pamene tsoka linabisala. Sikuluwu ikakakamira, bokosi linkaimitsa injini, n'kuliza belu, n'kukhala chete mpaka Januario abwere adzaidzutse. A Simao ankatsitsa swichi yawo yakufayo, n'kukolekapo chipewa, n'kuchotsa mwala, osavulala. Kwa iwo umenewu unali umboni woti dziko likadali pamalo pake.

Ndiye tsiku lina Januario anapita ku Centenary kukagula mafyuzi. Ali komweko mwala unalowa, bokosi linaima, ndipo panalibe wolidzutsa. Moto unazirala tsamba lili pakati pouma. Pamene ankabwerako, fodya wa balani lonse anali atada ngati chikopa chonyowa, ndipo Chikoti anali ataima pabwalo ali ndi lamba wakale wa injini m'manja.

Sanamenye Januario. Januario anali wa kampani, wovala shati yoyera, ndipo kampani ili ndi maloya. Anamenya a Simao. Lamba anatera pamsana pa nkhalambayo, phwaa! Anateranso pakhosi, kenako kumaso. A Simao anagwa chogwada m'fumbi la malasha, magazi akutuluka m'khutu, osalira, akungotsokomola. Mafayamani anaima ataweramitsa mitu. Januario anathamanga nagwira dzanja la mzunguyo, koma Chikoti anamukankha pachifuwa mpaka kugwera pa wilibala.

"Likaimanso bokosi lako, katundu wa mdalayu ndimuwotcha ndekha," anatero Chikoti akupuma mwawefuwefu. "Sindinagule makina ofuna mlezi."

Januario anakwiya koopsa, koma mkwiyo wa mwana wa mu komboni ulibe kopita. Anautengera ku kompyuta. Anakhala pa chitini mu shedi, thukuta likutsikira m'maso, nalemba lamulo latsopano. Injini ikalemedwa, ima. Dikira kanthawi, izizire. Bwerera m'mbuyo pang'ono kuti mwala umasuke. Kenako pita patsogolo ndi mphamvu zonse. Ikakana, yambiranso. Analitsitsira m'bokosi, natola mwala waukulu ngati chibakera, nauponya m'chibeseni. Sikuluwu inakakamira, inaima, inakhala chete ngati yafa. Kenako yokha, popanda dzanja la munthu, inang'ung'udza, inabwerera, n'kulumphira patsogolo. Mwala uja unangoti phwanyu!

Anasangalala, tisabise. Kwa kanthawi anaiwala msana wa bambo ake, namwetulira yekha ngati mwana amene msampha wake wagwira. Kenako maso ake anagwera pa swichi yakale pakhoma, nakumbukira kuti bambo ake amaidalirabe. Anapita kukawafuna a Simao. Anawapeza atakhala pansi pa mtengo ndi mafayamani anzawo, diso limodzi litatupa kutsekeka, Damião akuwapukuta khutu ndi kansanza. Onse anamuyang'ana. Awauze apa, pamaso pa anthu awa, nkhalamba imene yangomenyedwa kumene chifukwa cha bokosi lake? Anadziuza kuti Lamlungu, pochokera ku Misa, mtima wa bambo ake umakhala wofewa. Anadziuzanso kuti kufikira tsikulo sachoka pafupi ndi bokosi. Paja akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Lachisanu dzuwa lili paliwombo, Chikoti anamuitanitsa ku shedi yosankhiramo fodya kuti akaone fani yokankha mpweya imene inkalira moipa. Panali pafupi, kungodutsa bwalo. Januario anapita. Anali atakwera pamakwerero, sipanala ili m'manja, pamene anamva belu la bokosi likulira kutsidya kwa bwalo. Anatsika osadziwa kuti watsika bwanji.

Akuthamanga anaona zonse patali, bwinobwino, ngati mmene umaonera ng'ombe ikulowa m'munda uli kutsidya la mtsinje. Chipewa chakuda chili lende pa swichi. A Simao atawerama m'chibeseni, mkono wamanja utalowa mpaka m'chigongono.

"Baba! Chotsani dzanja! Baba!"

A Simao anatukula mutu kuti aone amene akuwakalipira pagulu. Injini inang'ung'udza. Sikuluwu inabwerera m'mbuyo, nkhalambayo n'kudzandira kugwera mkati, kenako inalumphira patsogolo.

Mayo ine, kulira kumene kunamveka pamenepo! Sikunali kulira kwa munthu. Mafupa anathyoka motsatizana ngati nkhuni zouma, ndipo magazi anathovokera pa malata. Injini inalemedwa, inaima. Mafayamani anathamangira onse ku swichi yakale, pakuti manja awo ankadziwa njira imodzi yokhayo. Anaikweza, anaitsitsa, anaikwezanso, akutukwana, chipewa chitagwera pansi n'kupondedwa. Palibe ndi mmodzi yemwe anayang'ana ku shedi.

Januario yekha ndiye ankadziwa kuti chete ameneyo ndi wabodza. Bokosi linali kudikira. Likamaliza kudikira liyambiranso, monga momwe iye analiphunzitsira. Sanapite kwa bambo ake. Anakhotera ku shedi, ku batani lofiira.

Damião anaona mwana akuthawa bambo ake ali m'kamwa mwa chitsulo, akuthamangira bokosi lake lokondedwa. Anamudulira kutsogolo ndi fosholo. Chitsulo chinamupeza Januario pakamwa, mano n'kuwazika, iye n'kugwa chagada pa mulu wa malasha.

"Ukupita kuti, mfiti iwe? Ukufuna ukawamalize?"

"Batani," anatero Januario, koma m'kamwa munali magazi okhaokha, ndipo mawuwo anatuluka ngati thovu. Anakwawa ndi maondo. Wina anamuponda m'nthiti ndi jombo. Wina anamumenya ndi chitsulo chotokosera moto pamsana. Anthu aja anali atasunga zambiri mumtima: ntchito zawo, ana awo, lamba wa Chikoti amene sakanatha kumubwezera. Zonsezo zinatsikira pa shati yoyera ija. Januario anatambasula dzanja, zala zili pafupi kukhudza chitseko cha bokosi, ndipo Damião analiponda ndi chidendene mpaka zala kulira.

Kunja injini inang'ung'udza.

Sikuluwu itabwerera m'mbuyo mkono unatuluka pang'ono, ndipo awiri amene anagwira a Simao m'chiuno anakuwa mokondwa, akuyesa kuti yawasiya. Kenako inapita patsogolo ndi mphamvu zonse. Inawakoka nkhalambayo mpaka paphewa, mutu n'kumenyetseka pamlomo wa chibeseni. Kulira kuja kunaduka.

Damião anamusiya Januario. Anatola nyundo yaikulu yophwanyira malasha, nalimenya bokosi pachitseko. Analimenyanso, akulira ngati mwana, mpaka munatuluka moto wabuluu ndi fungo la mawaya opsa. Mafani a mabalani onse anazima limodzi. Bokosi linafa, ndipo pamodzi nalo inafa njira yokhayo yobwezera sikuluwu m'mbuyo ndi magetsi.

Januario anadzuka. Mmene anadzukira, Mulungu yekha adziwa. Anayenda akudzandira mpaka pa injini, magazi akuchucha pachibwano, ndipo ulendo uno palibe anamugwira. Bambo ake anali atapachikika pachibeseni, diso labwino lili lotseguka, akupuma mofulumira ngati nkhuku yochita chitopa. Januario anayesa kuchotsa lamba wa injini koma zala zothyoka zinakana.

"Dulani lamba uyu," anatero. Palibe anasuntha. "Dulani lamba, agalu inu! Kenako pukusani gudumu ili chakumanzere!"

Anabwera ndi mpeni anali che Hassani, dalaivala wa thirakitala, Mchawa wa ku Malawi wosalankhulalankhula, amene anali atangofika ndi ngolo ya fodya kuchokera kumunda. Anadula lamba, nagwira gudumu. Linali lolimba. Damião anataya nyundo nagwira mbali ina, osamuyang'ana Januario. Anapukusa awiriwo, mitsempha ili tolotolo m'khosi, ndipo sikuluwu inayamba kubweza pang'onopang'ono zimene inameza. Chimene chinatuluka sichinalinso mkono. Fayamani wina anatembenuka n'kusanza. Che Hassani anavula lamba wa buluku lawo namanga paphewa, koma panalibe pomanga penipeni, magazi ankangodutsa.

Apo ndi pamene Chikoti anafika ndi galimoto yake, mfuti ili m'manja, agalu awiri ali kumbuyo. Anaombera m'mwamba, anthu n'kubalalika. Anayang'ana a Simao ali pansi, anayang'ana mafani ali chete, nathamangira mu shedi kukaona bokosi.

"Ndani wachita izi? Ndani waphwanya?"

"Bwana, galimoto," anatero Januario. "Chipatala."

"Fodya wanga yense akufa mu mabalani umu! Galimoto ikupita kukatenga wamagetsi. Mutengeni pa thirakitala."

Mafayamani anakhuthula fodya wa m'ngolo pansi, nayala masaka, nawagoneka a Simao. A Luiza anafika akuthamanga kuchokera ku komboni, chitenje chili m'manja, ndipo ataona anadzigwetsa m'fumbi akudzimenya pachifuwa. Amayi anzawo anawagwira. Januario anakwera m'ngolo yekha, naika mutu wa bambo ake pamiyendo pake. Che Hassani anaponda mafuta mpaka utsi wakuda kutuluka.

Msewu wa pa pulazi unali wa mabampu, ndipo bampu lililonse linkafinya magazi ena pa masaka. Januario anakanikiza bala ndi dzanja lake labwinolo. Minda ya fodya inkadutsa mbali zonse, yobiriwira mpaka kumapiri, anthu othyola akuweramuka kuyang'ana thirakitala yothamanga ngati yamisala. Atadutsa damu, a Simao anatsegula diso lawo labwino lija.

"Januario."

"Ndili pano, baba."

"Ndani wakuphwanya pakamwa?"

"Palibe, baba. Musalankhule."

A Simao anameza mpweya.

"Ndinatsitsa swichi," anatero. "Chipewa ndinakoleka. Ndani anachichotsa?"

Januario akananama. Akanatchula Damião, kapena mphepo, kapena mzungu. Nkhalambayo inkafuna dzina la munthu mmodzi woswa lamulo, kuti ipite ikudziwa kuti lamulolo linali labwino.

"Palibe anachichotsa, baba. Swichi ija ilibe magetsi. Injini imadzuka yokha."

"Yokha?"

"Inde. Ndinailamula ndine."

"Liti?"

"Tsiku limene anakumenyani."

A Simao anamuyang'anitsitsa. M'diso lawo munalibe mkwiyo, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka Januario kuposa fosholo ya Damião. Munali kudabwa chabe.

"Unkadziwa," anatero, "ndipo unandiona ndikupita ku ntchito m'mawa uno."

"Ndinkaopa kukuchititsani manyazi, baba. Ndinkadikira Lamlungu."

"Manyazi," anatero a Simao, ngati akulawa mawuwo. Anayesa kutsokomola koma mphamvu panalibe. "Ukanandigwira pakhosi, mwana iwe. Ukananditukwana pamaso pa onse. Ndikanakumenya, inde. Koma ukanandiuza."

Januario analira. Analira mokweza, pakamwa pophwanyikapo pali yasa, akuitana bambo ake mobwerezabwereza, akuwalonjeza geti, mthunzi, nyumba, zinthu zimene ankadziwa kuti zapsa kale pamodzi ndi bokosi. A Simao sanayankhenso. Mutu unalemera pamiyendo pake, ndipo magazi anasiya kukankha dzanja lake.

Msewu wa tala wopita ku Centenary unali ukuoneka kutsogolo pamene che Hassani anacheuka. Anayang'ana nkhalambayo, anayang'ana mwanayo, nanong'ona mawu a m'chipembedzo chawo. Kenako anachotsa phazi pa mafuta, thirakitala n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Panalibenso chothamangira.